Nkhope ya Mayi Nicolasa pa Matisheti

Mu Barranquilla monse munalibe wodinda matisheti ngati Eulalio Pertuz, ndipo ankadzinenera yekha wina asanamufunse. Anagwirapo ntchito ku Panama, ku Maracaibo mpaka ku Curaçao, n'kubwerako ndi makina a mikono inayi. Mkono uliwonse unali ndi sefa yake, sefa iliyonse mtundu umodzi wa inki.

Lachitatu kunabwera Mayi Nicolasa Cassiani, mtsogoleri wa gulu lovina cumbia. Ankafuna matisheti obiriwira makumi asanu ndi atatu okhala ndi nkhope yawo, oti gulu livale pa chikondwerero cha kanivala Loweruka.

Griselda, mkazi wa Eulalio, analowetsa chithunzi chawo mu pulogalamu ya pakompyuta yolekanitsa mitundu. Inatulutsa mitundu isanu: wofiira wa maluwa a kumutu, wachikasu wa ndolo, wakuda wa tsitsi ndi maso, woyera wa mano, ndi wakhofi wa khungu.

"Isanutu, bwana a ku Panama," anatero Griselda. "Paja makina anu ali ndi mikono ingati?"

"Chotsa wakhofiwo, kompyuta isakanize yotsalayo. Ine ndinadindapo zinkhwe za mitundu khumi!"

Anadinda imodzi yoyesera. Mayi Nicolasa anaiyang'ana n'kugwira m'chiuno.

"Iwe Eulalio, papaya wowolayu ndani? Ndivine msewu wonse anthu akundiseka? Ntchitoyi ndikupita nayo kwina."

Pomwepo maso a Eulalio anagwera pa mkono wa mayiwo, umene unatsamira pa chiguduli chopukutira inki. Mkono ndi chiguduli zinali mtundu umodzi.

"Mayi, zobiriwira tiiwale. Tiyeni kumsika!"

Kumsikako anawayendetsa sitolo ndi sitolo, akuyerekeza tisheti iliyonse ndi mkono wawo.

"Mukugula malaya kapena mukusankha mkazi, achimwene?" anakuwa wogulitsa wina.

"Ndikugula khungu la mfumukazi, mphwanga!"

Matisheti ofanana ndi khungu la mayiwo anawapeza pa sitolo yachisanu ndi chimodzi. Griselda anauza pulogalamu ija kuti nsaluyo ndi yakhofi, ndipo paliponse pa khungu inasiyapo popanda inki. Masefa anatuluka anayi ndendende.

Lachisanu Mayi Nicolasa anatambasula tisheti yoyamba. Anaiyang'anitsitsa, kenako anaphulika kuseka.

"Nanga makwinya anga apita kuti?"

"Nsalu yositidwatu imeneyo, mayi," anatero Eulalio.

"Dinda ena makumi awiri. Oimba ng'oma nawonso andivale."