Mtengo wa Adokotala Ulibe Mlandu

Amuna anga anayendetsapo ambulasi kalekale, ndiye kuyambira pamenepo palibe matenda amene sawadziwa. Anthu a mumsewu mwathu amawatchula kuti Adokotala, iwo n'kumavomera opanda ndi manyazi omwe.

Chaka chilichonse mitengo ikangoyamba maluwa, Adokotala amayamba kuyetsemula. Maso psuu, mphuno ngati mpopi woonongeka. Dokotala weniweni anawauza kuti vuto ndi mungu wa maluwa, azitseka mawindo ndipo asamayanike zofunda panja. Anabwerako atakwiya. "Kamwana kadzulodzulo kameneko kandiuze chiyani ine?"

Pafupi ndi windo la kuchipinda kwathu pali mtengo umene anabzala okha, ndipo amaukonda kuposa abale awo. M'mawa uliwonse amayanika bulangete ndi mapilo panthambi zake, ati zipitidwe mphepo yabwino, madzulo n'kuzilowetsa zili ndi fumbi lachikasu lokhalokha.

Ndiye mlandu wa kuyetsemulako unkagwera zina. Makatani anachotsedwa. Kapeti anatsatira. Mafuta anga onunkhira anawataya kudzala ine ndikuona. Chaka chino ananyamula mphaka wanga n'kukamusiya kwa mng'ono wanga. Zinandiwawa kwambiri, koma ndinangoti bola pakhomo pakhale mtendere.

Kuyetsemula sikunasiye. Tsiku lina anandiyang'anitsitsa, kansalu kali pamphuno.

"Mayi, ndachotsa zonse m'nyumba muno. Chatsala chimodzi."

"Mtengo," ndinatero.

"Mtengo uli panja. Ine ndikunena za m'nyumba. Tapitani kaye kwa mng'ono wanu, tione."

Zaka zonsezi za ukwati, ine n'kusanduka kapeti! Ndinalongedza chikwama mtima ukuwira, ndikuti ayetsemule okha mpaka mphuno ithothoke, adzandigwadira. Chimene ndinaiwala n'chakuti maluwa nawo amakhala ndi nthawi yake. Sabata lomwelo kunagwa chimvula, maluwa onse n'kuyoyoka.

Foni inalira ndili pakhonde la mng'ono wanga, mphaka ali pamwendo. Anali Adokotala, mawu ali mbee ngati a mwana wa kwaya.

"Mayi, ndachira! Suja ndinanena ine? Koma musadandaule, si kulakwa kwanu, ndi mmene munabadwira."

Ndinafunsa kuti, "Ndiye ndibwere liti?"

"Aa, tisapupulume, mayi. Zinthuzi tizibweza chimodzichimodzi. Panopa ndayambira makatani."