Sopo Adzagula Ndani?

Kalata inafika Lachiwiri. Pofika madzulo, m'nyumba mwathu ku Area 2 munalibe mtendere.

Ine ndine Mwanasha. Ndimakhala kwa Mudathir, mwana wa malemu achimwene anga. Iye ndi telala. Shopu ili kutsogolo, ife timagona kumbuyo. Sukulu ndinaithawira mu sitandade 3, nditaona kuti aphunzitsi akungofunsa zinthu zoti akuzidziwa kale. Ndiye kalatayo anatiwerengera Hasina, mkazi wa Mudathir.

"Akuti khonsolo ikufuna kumanga malo osambira a anthu onse," anatero Hasina. "Ndalama zake zichokera ku msonkho wa nyumba, mareti aja. Aliyense wokhala ndi nyumba kapena shopu awonjezera pang'ono. Msonkhano uliko Loweruka ku holo ya sukulu."

Mudathir anaimitsa makina osokera.

"Pang'ono? Pang'ono wa anthu amenewa amabwera ngati ulusi, pochoka ali chingwe. Chinthucho akachimanga kuseli kwa mipanda ya mabwana, olipira tikhale ife. Chaka chino mareti sindipereka. Ku msonkhanoko sindipondako."

Ine khutu langa linali litakodwa pena.

"Wati malo osambira a anthu onse? Amuna ndi akazi bafa limodzi? Ine ndi imvi zangazi ndikadzikhule pamaso pa makondakitala a minibasi?"

"Azakhali, si choncho, imvani kaye..."

Sindinamve. M'mawa mwake ndinali kale mumsika. Pofika masana amayi onse ogulitsa nyemba anali atadziwa kuti khonsolo ikufuna kutisambitsa pamodzi ngati ng'ombe kudibi. Madzulo nkhaniyo inabwerera kwa ine itanenepa: akuti mabafa a m'nyumba awatseka onse. Ndinaikhulupirira, ngakhale woiyambitsa ndinali ine.

Lachinayi kunabwera Mayi Lughano kudzatenga diresi lawo. Ndi kasitomala wathu wakalekale, kwawo ndi ku Karonga, anagwira ntchito m'boma mpaka kupuma, ndipo amakhala ku Area 12. Anapeza Mudathir atayala kalata ija pa nsalu, sizasi ili m'manja, akufuna kudulirapo kolala ya malaya.

"A telala, pepala limenelo musadule."

"Ntchito yake ndi yomweyi, mayi," anatero Mudathir.

Ine ndinawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Akutumani a khonsolo? Inu a ku 12 mabafa muli nawo atatuatatu. Mukufuna kudzationerera ife tikusamba?"

Mayi Lughano anaseka mpaka kukhala pa mulu wa nsalu.

"Azakhali, si kusamba ayi. Ndi kusambira. Dziwe lomanga ndi simenti, munthu n'kumayenda pamadzi ngati nsomba, atavala."

"Ndiye Chichewa mundiphunzitse inu a ku Karonga?"

"Lero lokha, mundilole."

Manyazi anandigwira pang'ono, koma sindinawalole kukhalitsa. Mudathir ndiye sanaseke.

"Kaya kusamba kaya kusambira, ndalama ndi zanga. Ana anga sadzalowamo."

"Nanenso ndikukayika," anatero Mayi Lughano. "Mareti amatengera mtengo wa nyumba, ndiye ine ndiwonjezera zambiri kuposa inu. Mukuganiza kuti ndikukondwa? Koma taonani mawu awa. Alemba kuti ganizo. Sanagamule. Mukakhala pakhomo, ena akakuyankhulirani, ndipo akanena zowakomera iwowo. Kukana mareti sikuimitsa dziwe. Kungoika shopu yanu pamavuto."

"Nanga tikakanena chiyani? Kumeneko kumayankhula a mataye."

"Mafunso safuna taye. Mukafunse kuti alimanga pati. Mukafunse kuti tiwonjezera zingati, mpaka liti. Mukafunsenso kuti ndalamazo aziziona ndani."

Mudathir anachotsa pepala lija pa nsalu, n'kulipinda mosafuna.

Loweruka tinapita. Panja pa holo panali magalimoto onyezimira, ife tinafika ndi fumbi kumapazi. Ndinakhala kutsogolo kwenikweni kuti a khonsolo ndiziwaona m'maso. A khansala anayankhula nthawi yaitali, akuloza chithunzi cha madzi obiriwira bwino, oti sindinawaonepo mu Lilongwe muno.

Bambo wina wa ku Area 10, dzina lawo a Wilbert, anati iwo dziwe ali nalo kale pakhomo, nanga alipirirenji la eni ake? Mayi wina wa kwathu kuno anawayankha kuti nthawi yotentha ana ake amathawira kumtsinje, ndipo awiri anadwalapo likodzo. Anthu anayamba kulozana zala. Ena akuti limangidwe, ena akuti ayi, koma palibe amene anafunsa kanthu.

Ndipamene ndinatulutsa sopo m'chikwama, n'kumukweza m'mwamba.

"A khansala, sopo adzagula ndani?"

Holo yonse inagwa ndi phwete. Mudathir anabisa nkhope m'kofia. Ndinadikira kuti amalize kuseka.

"Sekani, ndikudziwa kuti si bafa, anandiphunzitsa a ku Karonga. Koma funso langa likadalipo. Ine, mpongozi wangayu ndi ana athu aakazi sitingalowe m'madzi momwe muli amuna. Mareti tikupereka nawo. Tsiku lathu ndi liti? Tidzasinthira kuti zovala? Wotiyang'anira m'madzimo adzakhala mwamuna kapena mkazi?"

Kuseka kunatha. A khansala anatembenuza mapepala awo, anawatembenuzanso, kenaka anayang'ana mnzawo wa pambali.

"Mayi, zimenezo sitinaziganizire."

Amayi anzanga achisilamu kumbuyo anawomba m'manja. A mpingo nawonso anawomba, poti manyazi alibe chipembedzo. Apo Mudathir anaimirira.

"Mulimanga pati?"

Anatchula malo ena kupitirira City Centre, koti wopanda galimoto akwere minibasi ziwiri. Anthu anang'ung'udza. Mayi Lughano anafunsa za kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku losiya kuwonjezera. Ngakhale a Wilbert aja anati iwo angapereke, bola aziona kumene ndalama zikupita.

"Zonsezi tazimva, tikaziona," anatero a khansala.

"Iyayi, bambo," ndinatero ine. "Mawu a pakamwa ali ngati sopoyu. Akalowa m'madzi amasungunuka. Mulembe, mutiwerengere, tisanatuluke muno."

Analemba. Anawerenga. Anthu asanu anasankhidwa kuti azilondola nkhaniyo, ndipo mmodzi mwa iwo anali Mudathir, yemwe uja amati sapondako.

Patatha miyezi iwiri kunabwera kalata ina. Hasina anaiwerenga kawiri, chifukwa ulendo woyamba sindinamukhulupirire. Malo anawasintha, anasankha apafupi ndi msewu wa minibasi, koti ife tingathe kuyenda wapansi. Akazi anatipatsa masiku awiri pa sabata, ndi wotiyang'anira wamkazi, ndi chipinda chathu chosinthira. Zowonjezera pa mareti anaziikira malire a zaka ziwiri. Lipoti la ndalama zolowa ndi zotuluka azilimata pa bolodi pachipata, kuti aliyense aziona.

Mudathir anakapereka mareti ake, lisiti n'kulikhomera pakhoma pafupi ndi makina. Kalata yachiwiriyi sanadulirepo kolala.

Musaganize kuti ndasiya kuwakayikira. Lolemba lililonse ndimapita kumene akukumbako, n'kuima pa bolodi paja. Zilembo zimandivuta, koma manambala ndimawadziwa, ndipo matumba a simenti ndimawaona ndi maso angawa. Akapitawo akandiona amati, "Abwera mayi a sopo, imani bwino."

Tsono anzanga, imvani. Kukayikira si kulakwa, pakuti ndalama za msonkho ndi zanu. Kulakwa ndi kukayikira muli m'khitchini, kapena kukafalitsa mumsika zimene simunamvetse, ngati mmene ndinachitira ine. Kalata ikabwera, imvetseni. Msonkhano ukaitanidwa, pitani. Funsani, ndipo yankho alilembe. Msonkho perekani, kenaka muulondole kumene ukupita.

Sopo uja ndikumusungabe m'chikwama. Ndamva kuti chaka chamawa akufuna kukamba za misewu.