A Tepi Mumtengo wa Mango

Kuntchito ankawatchula kuti a Tepi, chifukwa palibe amene anawaonapo alibe tepi yoyezera m'thumba. Ntchito yawo inali yodula magalasi a mawindo m'kashopu kena kopanikiza, ndipo ankakonda kuuza makasitomala kuti galasi likaphonya milimita imodzi ndiye kuti laphonya lonse. Kunyumba nakonso tepiyo sinkapuma. Ankayeza misinkhu ya ana pa felemu ya chitseko, ankayeza mpata wa pakati pa sofa ndi khoma, tsiku lina mpaka anayeza buledi ana atakangana kuti wina wapatsidwa wamkulu.

Anawo anali atatu. Woyamba, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankamutchula kuti Loya, chifukwa sankalandira lamulo lililonse asanalipanikize ndi mafunso. Wachiwiri, mnyamata wa zaka zisanu, anali Kamphepo, ngakhale kuti masiku amenewo mphepoyo inali itasiya kuwomba, inkangokhala khuma pa sofa. Wotsiriza, wa zaka ziwiri, anali Bwana, poti aliyense m'nyumbamo ankamugwirira ntchito.

Lolemba lina madzulo a Tepi anafika pakhomo atanyoweratu, madzi akutsika m'makutu. Anapeza ana onse atatu atandanda pa sofa, maso ali tong'o pa TV. Akazi awo, amene anali telala, anali pakona ya pabalaza pomwepo akupalasa makina osokera.

"Koma mvula ya lero!" anatero a Tepi akufinya malaya.

"Pa tchanelo chanji, Adadi?" anafunsa Kamphepo osacheuka n'komwe.

A Tepi anayang'ana akazi awo, akazi awo anayang'ana singano, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Mayi a Loya, mwamumva mwana wanuyu?"

"Ndamumva. Ndi wanunso."

Mawa lake anabwera ndi chikatoni chachikulu chimene munabwera magalasi. Anachiyala patebulo, natenga lula yachitsulo ndi pensulo, nalemba mizere isanu, wina aliyense wake, ndi timabokosi makumi atatu ta masiku a mwezi. Atatha anachikhomera pakhoma la kukhitchini, naitanitsa msonkhano.

"Kuyambira mawa," anatero, "aliyense m'nyumba muno azikhala panja ola limodzi pa tsiku. Ola limodzi, nyenyezi imodzi. Amayi anu atidulira nyenyezi ku zidutswa za nsalu, tizimata ndi guluu. Komanso aliyense akhale ndi chinthu chimodzi choti achikwanitse mwezi usanathe."

Loya anasankha kulumpha chingwe kamakumi asanu osakodwa. Kamphepo anamulembera kupalasa kanjinga kake mpaka kumapeto kwa msewu osagwa. Mayi anati azizungulira bwalo la mpira katatu. Bwana anamulembera kuyenda yekha mpaka pakona osanyamulidwa, iye n'kuvomereza pomenya tebulo ndi supuni.

"Nanga inu, Adadi?" anafunsa Loya.

"Ine ndalemba kale. Kuyang'anira."

"Kuyang'anira si masewera."

"Ndi ntchito yaikulu kwambiri."

"Mwati chinthu choti munthu achikwanitse. Kuyang'anira mumakwanitsa kale."

Makina osokera anali atasiya kulira, kusonyeza kuti akazi awo akumvetsera. A Tepi anaona kuti ulemu wawo uli pachiswe. Anafufuta mawuwo n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu: KUKWERA MTENGO WA MANGO WA KUBWALO.

"Ine pa msinkhu wanuwu," anatero, "anyani ankabwera kudzaphunzira kwa ine."

Loya anali asanathane nawo. "Panja pamayambira pati?"

"Panja ndi panja, mwanawe. Ukadutsa chitseko basi."

Yankho limeneli linawabweretsera mlandu tsiku loyamba lomwe. Pobwera kuntchito anapeza Kamphepo atagona chagada pakhomo, miyendo ndi mimba zili pakhonde, mutu uli m'nyumba, akuonera TV chozondoka. Loya anali ataima pambali ndi wotchi ya amayi ake.

"Watha ola limodzi ndi mphindi zinayi," anatero Loya. "Mbali yaikulu ya thupi lake inali panja."

A Tepi sanafune kuweruza mongoganizira. Anatulutsa tepi n'kumuyeza mwanayo ali chigonere. Masentimita makumi asanu ndi atatu anali panja, makumi atatu anali m'nyumba. Anatenga sizasi ya akazi awo, nadula mwendo umodzi wa nyenyezi, n'kumata yopundukayo. Kenako anawonjezera lamulo pansi pa tchati: panja ndi pamene sungathe kuona TV, ngakhale pawindo.

Sabata yoyamba inali ya madandaulo. Kunja kunkatentha, kunja kunali ntchentche, kunja kunalibe pokhala pofewa. Koma sabata yachiwiri zinthu zinasintha popanda amene anazindikira. Loya anafika pa kulumpha khumi ndi kawiri, kenako makumi awiri, ndipo anapeza atsikana ena awiri omugwirira chingwe, amene ankawalamulira ngati antchito ake. Kamphepo analowa mumpanda wa maluwa wa aneba katatu, njinga ndi iye yemwe, koma ankatulukamo akuseka, masamba ali m'tsitsi. Mayi ankazungulira bwalo tepi yawo yosokera ili m'khosi, poti ankaiwala kuivula. Bwana ndiye ankakolola nyenyezi mosaneneka. Aliyense akamatuluka ankamutenga, ndipo pakakhala popanda wotuluka ankatuluka yekha kuthamangitsa nkhunda, wina n'kumuthamangira pambuyo.

Mzere umodzi wokha ndi umene unali mbee. A Tepi ankachoka m'mawa, n'kutha tsiku lonse m'shopu, ndipo akabwera madzulo ankakhala kukhitchini kuwongola nyenyezi zomatidwa mokhota. Anayesa kunena kuti kuyenda kupita pokwerera basi kuwerengedwe, koma Loya anati ndi mphindi zisanu ndi imodzi zokha, ndipo kudikira basi si masewera.

Loweruka lachitatu, anthu akumwa tiyi, Loya anaika kapu yake pansi mwaulemu.

"Adadi, ndili ndi funso."

"Funsa."

"Munthu amene analemba malamulo akapanda kuwatsata, amamudula mwendo wa chiyani, poti nyenyezi alibe?"

Mayi anatsamwa ndi tiyi. A Tepi anapukuta pakamwa, naimirira.

"Valani nsapato nonse. Lero lomwe."

Mtengo wa mangowo unali kumapeto kwa bwalo, kuseri kwa golo. Unali waukulu kuposa mmene a Tepi ankauganizira. Anauzungulira kawiri, nayeza thunthu lake, nagwedeza mutu ngati munthu amene wapeza zimene amayembekezera. Kenako anavula nsapato, nalavulira m'manja, n'kudumphira nthambi yoyamba.

Anafikapo pa ulendo wachitatu, ndi mimba, akutulutsa mawu amene ana ake anali asanawamvepo kwa munthu. Nthambi yachiwiri inali yosavuta. Apa mtima unayamba kukula. Manja anakumbukira zakale, mapazi anapeza okha popondera, ndipo pansi ana ankakuwa kuti, "Adadi! Adadi!" Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. A Tepi anakwera yachitatu, kenako yachinayi, nakhala pamphanda, n'kukweza dzanja limodzi kubayibitsa banja lawo.

Ndi pamene anayang'ana pansi.

Akazi awo anaoneka ngati kabotolo. Nsapato zawo zinali ngati timbewa tiwiri. Nthambi imene anapondapo pokwera inali itasamukira kutali, ndipo palibe amene anawauza. Anakumbatira thunthu ndi manja onse awiri, tsaya n'kuligunditsa ku khungwa.

"Tsikanitu, Adadi, mwawina!" anakuwa Kamphepo.

"Ndikuona kaye malo. Kuno kukuoneka bwino kwambiri."

"Mukuona chiyani?"

A Tepi anali atatsinzina. "Madenga," anatero.

Panadutsa mphindi khumi. Nyerere zofiira zinawapeza, n'kuyamba kulowa m'kolala mwadongosolo, pamzere. Sakanatha kuzikanda popanda kusiya thunthu, choncho ankangogwedeza khosi ngati nkhuku yomeza njere yaikulu.

Akazi awo anafika pansi penipeni pa mtengo, Bwana ali m'manja, nalankhula motsitsa kuti ana asamve.

"Bambo a Loya, mwakanirira?"

"Ayi, ndikupuma."

"Mupuma mpaka liti? Ndili ndi diresi la anthu loti ndimalize."

Kenako kuchokera m'masamba munatuluka mawu ang'onoang'ono. "Mwina makwerero angathandize. Osati kuti ndikuwafuna. Kungoti alipo."

Makwerero anali kwa mmisiri wopenta nyumba, amene ankakhala kumapeto kwenikweni kwa msewu wawo. Mayi asanasankhe womutuma, Kamphepo anali atadumphira kale pa kanjinga kake. A Tepi anatsegula diso limodzi kuti aone amene wapita. Ali m'mwambamo ankauona msewu wonse, ndipo anamuona mwana wawo akupalasa, chiwongolero chikupita uku ndi uku. Anadutsa mpanda wa maluwa uja osalowamo. Anadutsa dzenje la pakati pa msewu. Anadutsa mayi wina wosenza beseni, amene anathawira kumbali. Anakaima pageti pa wopenta, n'kutsitsa mwendo bwinobwino ngati munthu wamkulu.

"Wafika!" anakuwa a Tepi. "Mayi a Loya, wafika osagwa! Loya, lemba!"

Anaiwala n'kuombera m'manja. Kuomba kamodzi kokha, dziko linapendekeka, ndipo anabwerera ku thunthu lawo mwachangu kuposa mmene anachokera.

Wopentayo anali atapita kukagula bulashi, ndiye kunali kudikira. Anyamata amene ankasewera mpira anausiya n'kubwera kudzaonerera. Bambo wina wodutsa ndi wilibala analangiza kuti angodumpha, poti pansi ndi pofewa. Mayi wina anati amuna ake anakaniriranso chonchi padenga, anatsika njala itawapweteka. Loya ankalengeza nthawi pakatha mphindi khumi zilizonse, ndipo podikirapo anatulutsa chingwe chake n'kuyamba kulumpha, anyamata a mpira akumuwerengera mokweza. Anakodwa pa makumi anayi ndi kasanu ndi kamodzi, n'kuimba mlandu mtengo kuti unamugwetsera tsamba kumaso.

Pomaliza wopenta anatulukira, makwerero ali paphewa, Kamphepo akumutsogolera monyada ngati wapolisi wa pamsewu. Anawatsamiritsa ku thunthu, koma anaperewera pang'ono.

"Tsitsani mwendo, achimwene, mupondapo," anatero wopenta.

"Taimani kaye."

Anthu onse anaona dzanja limodzi likusiya thunthu pang'onopang'ono, likulowa m'thumba. Kenako tepi yachikasu inayamba kutsika kuchokera m'masamba, mpaka inagunda pamwamba pa makwerero.

"Masentimita makumi anayi ndi awiri," analengeza a Tepi. "Makwererowa achepa."

Anyamata a mpira anagwa pansi ndi phwete. Wopenta anachita kugwira makwerero ndi chipumi kuti asagwe nawo.

"Mwendo wanu ndi wautali bwanji, achimwene?"

A Tepi anaganiza. Ankaudziwa bwino, poti anauyezapo. "Makumi asanu ndi anayi."

"Ndiye mukudikira chiyani?"

Masamuwo anawalimbitsa mtima kuposa mawu onse a anthu. Anatsitsa mwendo, chala chinapeza chitsulo, ndipo anatsika akubwerera chambuyo, thalauza litang'ambika kuyambira pa lamba mpaka pabondo. Anthu anaomba m'manja. Akazi awo anavula juzi n'kuwamanga m'chiuno.

"Ndisoka," anatero, "koma muli pambuyo pa diresi lija."

Kunyumba Loya anagamula mlandu. Maola awiri ndi mphindi khumi panja, nyenyezi ziwiri zathunthu. Za makwerero anati zilibe kanthu, chifukwa pa tchati panalembedwa kukwera, panalibe mawu oti kutsika. A Tepi anamupsompsona pamutu, nati tsiku lina adzateteza anthu ambiri olakwa.

Kuyambira tsikulo ankati akaweruka n'kusintha nsapato, ulendo kubwalo ndi ana, ngakhale kuti mtengo uja ankaudutsa chapatali. Loya anafika pa makumi asanu kutatsala masiku awiri. Mwezi utatha anawerenga nyenyezi, ndipo Bwana anapambana ndi makumi anayi ndi imodzi, kuphatikizapo imene anali akuitafuna pa nthawiyo.

"Wopambana alandira chiyani?" anafunsa Kamphepo.

A Tepi anakanda m'mutu. Pa mizere yonse ija, zimenezo sanaziganizire.

"Asankhe kumene tipite Lamulungu," anatero mayi. Anagwada pamaso pa mwanayo n'kumuchotsa nyenyezi m'kamwa. "Bwana, tipite kuti?"

Bwana anawayang'ana onse mmodzimmodzi, natero: "Galu."

Iwo analibe galu. Loya anati chigamulo ndi chigamulo.

Choncho Lamulungu atadya chakudya cham'mawa anatuluka onse asanu, ndi botolo la madzi ndi malalanje m'jumbo, kukafuna galu. Anamupeza pafupi ndi golosale, wofiirira, khutu limodzi logwa, wopanda mwini wodziwika. Bwana anamuloza, galuyo ananyamuka, iwo n'kumutsatira. Ananunkhiza mapolo onse a magetsi mumsewu umenewo, banja likudikira mwaulemu pa polo iliyonse. Anawadutsitsa kuseri kwa malo ochapira magalimoto, kumene a Tepi anali asanafikeko chikhalire m'deralo, kenako analowa pansi pa lole yakufa n'kugona.

Anakhala pamiyala m'mbali mwa msewu n'kumasenda malalanje, kudikira kuti mtsogoleri wawo adzuke. Munthu wina wodziwana nawo anaima n'kufunsa ngati akudikira basi.

"Ayi," anayankha a Tepi, "tikudikira galu."

Galuyo atadzuka anadziwongola, nawayang'ana, n'kuyamba kuyenda cholowera kumene anachokera. Anakhota pagolosale, anakhotanso pa mpanda wa maluwa, nalowa pageti pawo ngati kwawo, n'kukagona pakhonde. Mayi a Loya ananena katatu kuti m'nyumba muno simukhala galu, kenako anapita kukhitchini kukafuna mbale yakale yoti azimweramo madzi.