Chipalasa wa pa Boti la Gideoni

Ana a ku Cobue akafuna kukuvuta sapempha chilolezo kwa munthu. Gideoni anaziona zimenezi m'mawa wina akukocheza boti lake kuchokera ku Likoma, atanyamula amayi ageni, makatoni a sopo ndi mbuzi ya mwini wake. Asanazimitse n'komwe injini, kagulu ka ana kanathamangira kumadzi, onse manja kumaso, n'kumakuwa kuti, "Bwii! Bwii! Madzi, mayo, madzi!" Kenaka anadzigwetsa pamchenga, miyendo m'mwamba, kuseka mpaka kutsokomola.

Poyamba anayesa kuti akuseka mbuzi. Koma zala zawo zinkaloza kumutu kwa boti, pa chithunzi chimene doko lonse linkadziwira botilo: chilombo chabuluu cha ndevu ngati za kampango, kukamwa yasa, manja awiri otambalala ngati nkhafi. Dzina lake linali Chipalasa. Naye Gideoni anthu ankamuitana kuti a Chipalasa, ndipo dzinali ankaliyankha mwamsanga kuposa lake laubatizo.

Chipalasayu sanabadwire m'nyanja ayi, anatuluka m'paketi ya mabisiketi. Zinali zaka zija nkhondo itatha, mabanja atabwerako ku Malawi kumene anathawira, anthu akumanganso nyumba pamabwinja a makolo awo. Mabisiketiwo ankadzera ku Likoma, ndipo m'paketi iliyonse munkakhala kakadi kozungulira kojambulidwa kachilombo. Kena kanali ndi mapiko, kena nyanga, kena moto kumsana. Ana ankamva kuti kumayiko akutali anzawo amasaka tizilomboti pa makina n'kumatimenyanitsa, koma makinawo ku Cobue anawaonapo ndani? Zolembedwa pamakadi nazonso zinawakanika ngakhale aphunzitsi. Ndiye anawo anangodzipangira masewera awoawo.

Ankakumana pa bwato lovundikiridwa kuseri kwa mathandala oyanikapo usipa. Awiri ankaika makadi awo pamsana pa bwatolo, aliyense n'kuyamba kuchinenerera chilombo chake ngati ali pabwalo la milandu. Ena onse anali oweruza, ndipo funso linali limodzi lokha: mwera ukazipeza ziwirizi pakati pa nyanja, chitsale chiti? Wopambana ankatenga kadi ya mnzake. Zamapiko zinkagonja kawirikawiri chifukwa mbalame imathawa mphepo. Zamoto ndiye zinalibe ulemu n'komwe, ankati ntchito yake ndi kuwamba nsomba basi.

Katswiri wa milanduyi anali Husseni, mnzake wa pamtima wa Gideoni. A kwawo anabwerera mochedwa, ndipo iye anakulira kumapiri a ku Dedza, kumene madzi ambiri amene anawaonapo anali a m'ndowa. Nyanja ankaiopa koopsa. Anzake akamasambira, iye ankalondera zovala, ndipo ankamuseka mpaka kumuliza. Koma pakamwa Mulungu anamupatsa. Ndiye amene anatcha mayina tizilombo tonse, ndipo tsiku limene anapeza kadi ya chilombo chabuluu chija, yokhayo m'Cobue monse, kusekedwa kwake kunathera pomwepo.

"Taonani manjawa," ankatero Husseni ataimirira pa bwato. "Uyu safuna nkhafi, anabadwa nazo. Kukamwaku mukuti akuyasamula? Akukalipira mwera ameneyu. Akuuuza kuti bwerera kumene wachokera!"

Palibe anagonjetsapo Chipalasa. Gideoni, amene pakamwa pake panali polemera, ankangonyamula makadi a mnzakeyo m'chitini cha mkaka, akumva ngati naye ndi mfumu. Masiku amenewo munthu unkagona ndi njala koma uli ndi zilombo makumi m'thumba, ndipo Gideoni amawasowa masikuwo mpaka lero.

Atakula, Husseni anapita ku Lichinga kukaphunzira kulemba zikwangwani. Anabwerako, n'kukwatira Rehema, n'kumalemba mayina a magolosale kuyambira ku Cobue mpaka ku Msumba. Gideoni atapeza boti lake, Husseni anabwera ndi zitini za penti osaitanidwa. Analamula kuti botilo alikokere kumtunda kwenikweni, kumene funde silifika, ndipo anajambula Chipalasa kuchokera m'mutu, pakuti kadi ija inali itatayika kalekale. Patapita zaka zochepa chifuwa chinamutenga Husseni. Zikwangwani zake dzuwa linazidya chimodzichimodzi, eni magolosale n'kulembetsa zina. Chimene chinatsala cha dzanja lake chinali chithunzi cha pa boti.

Ndiye ana akamagubuduka pamchenga chifukwa cha chithunzi chimenecho, Gideoni sakanangoziyang'ana. Anagwira mmodzi pamkono, ndipo mwanayo anaulula kuti zonse zikuchokera kwa a Rogerio.

Rogerio anali ndi nyumba ya kanema kuseri kwa msika, yamabango, sola padenga. Sabata imeneyo anali atabwera ndi makatuni atsopano, amene iye ankawatcha dezenyu, kuchokera ku Metangula. Gideoni analowa masana dzuwa lili paliwombo, n'kukhala pabenchi lakumbuyo, mawondo ake akugunda misana ya ana. Apo anaona zilombo zija zikuyenda. Zinali zomwezo! Cha nyanga chija, cha moto kumsana chija, zonse zamoyo, zikulankhula Chipwitikizi. Kwa kanthawi anabwerera pa bwato lovundikiridwa lija, mpaka anamva fungo la mabisiketi.

Kenaka Chipalasa anatulukira. Anali wamfupi, wonenepa, woyenda mopepeluka pambuyo pa anzake. Atafika pa kachithaphwi koti nkhuku ikhoza kuwoloka, anaima, n'kuyasamula kukamwa kuja, n'kulira kuti bwii, bwii. Manja aja, nkhafi zija, anaphimba nawo kumaso. Dontho la mvula litamugwera pamphuno anakomoka, anzake n'kumunyamula. Nyumba yonse inafa nacho chiseko.

Gideoni anatuluka n'kumupeza Rogerio pakhomo akukonza waya.

"Rogerio, chimene ukuonetsa muno n'chiyani?"

"Dezenyu, a Chipalasa. Mwaiona? Ana akuikonda zedi."

"Bodza lokhalokha! Chilombo chimenechi sichili choncho. Anthu amenewa aononga masewera athu."

Rogerio anaseka. "Aononga bwanji poti eni ake ndi iwowo? Popanda dezenyuyi ana awa akanazidziwa zilombozi? Makadi anu aja anatha kale. Pano mwana aliyense akulirira telefoni ya bambo ake kuti azisake. Kanemayu wazidzutsa kumanda, mukanathokoza."

"Kudzutsa munthu kuti uzimuseka, bola kumusiya agone," anatero Gideoni.

Mnyamata wina wa ku sekondale amene anatsamira njinga yake pomwepo analowerera. Iye anati pa telefoni masewerawo ndi anzeru, ofuna kuwerengera bwino, koma chifukwa cha makatuniwa anthu akumuyesa wosewera za makanda, moti akumabisa. Gideoni anayamba kumukonda mnyamatayo, mpaka pamene anawonjezera kuti, "Koma chanucho, madala, ngakhale pa telefoni palibe amachisankha. N'chofooka."

Kuyambira pamenepo doko linamuwawira Gideoni. Akamanyamuka, bwii. Akamakocheza, bwii. Asodzi anzake, anthu a ndevu zawo, ankaphimba kumaso akamuona. Ngakhale msilikali wa pamadzi wochokera ku Metangula, munthu wosadziwa n'komwe Chinyanja, anamufunsa uku akumwetulira ngati boti lake silikomoka likaona mvula. Zonsezi Gideoni akanapirira, pakuti khungu la munthu wa pa boti ndi lolimba. Chimene chinamuthyola chinali Samia, mwana wamkazi wa Husseni.

Anamupeza Loweruka m'mawa atakhala pamthunzi wa boti, mlomo wotupa, diresi long'ambika paphewa.

"Wamenyana ndi ndani, mwanawe?"

"A ku eskola," anayankha Samia osadzutsa mutu, kunena anzake a kusukulu. "Akuti ababa anali mbuli. Akuti anajambula chinthu chamantha pa boti chifukwa sankadziwa kanthu." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Amalume, chifufuteni. Chonde."

Gideoni anamva chisoni chosakanikirana ndi ukali. Kumuseka iye n'kwina, koma kumutcha mbuli Husseni, munthu amene anapatsa mayina zilombo zonse za m'Cobue, ali m'manda osatha kudziyankhira! Anaganiza kuti mnzakeyo amuchotse pamaso pa anthu asanamunyoze kopitirira. Sanafunse munthu. Anapita kumsika, n'kubwera ndi chitini cha penti yoyera ndi bulashi yaikulu, n'kuitana anyamata kuti amuthandize kukokera boti kumtunda.

Anayambira kukamwa, chifukwa ndiko kunkamupweteka kwambiri. Bulashi inadutsa kamodzi, kawiri, kukamwa kuja n'kutsekeka. Anapaka maso, anapaka ndevu, anatsikira kumimba ndi kudzanja lamanzere. Ankapaka mofulumira, nsagwada zitalumana, kuti asaganize.

"Alamu! Alamu, imani!"

Anali Rehema, akuthamanga kuchokera kumathandala, mamba a usipa ali m'manja, mpango utagwera paphewa. Samia anali atamuuza. Atafika anaima n'kuyang'ana chigamba choyera chija, akupuma mwawefuwefu.

"Mwatani, alamu?"

"Ndikumuchotsa manyazi mnzanga," anatero Gideoni. "Sankadziwa. Tonse sitinkadziwa. Tinali ana."

"Ndani anakuuzani kuti sankadziwa?"

Gideoni anatsitsa bulashi.

"Dezenyu imeneyi bambo a Samia anaionera ku Lichinga, kale, tisanakwatirane n'komwe," anatero Rehema. "Anandifotokozera yonse. Kulira kwakeko ankakutsanzira m'nyumba, ine n'kumaseka mpaka m'mimba kupweteka."

"Ankadziwa? Nanga bwanji anachijambula pa boti langa? Ankandiseka?"

"Kukusekani inu? Iai, alamu. Tsiku limene anamaliza kujambula ndinamufunsa zomwezo. Anati, 'Rehema, chilombo chimenechi ndinachikonda tili ana, koma nditaona kuti chimaopa madzi ndinachikonda kawiri. Ine nyanja iyi sindidzaiwoloka. Chipite ichi m'malo mwanga, Gideoni azichiwolotsa tsiku ndi tsiku.' Anandiletsa kukuuzani. Anati mukadziwa muzichimvera chisoni, pamene iye ankafuna muzichinyadira."

Gideoni anakhala chilili, penti ikudontha kuchokera kubulashi kugwera paphazi lake. Zaka zonsezi ankayesa kuti wanyamula mfumu ya mwera kumutu kwa boti, osadziwa kuti wanyamula mnzake.

Mwadzidzidzi anataya bulashi n'kuthamangira ku injini. Anatsegula chigubu cha petulo, n'kuvula malaya ake, n'kuwanyika. Penti inali isanaume, ikanatha kuchoka. Anapukuta pamene panali maso, ndipo zoyera zinayambadi kusungunuka, kabuluu n'kuonekera pansi pake. Mtima unakhala pansi pang'ono, ndipo anapukuta mwamphamvu. Koma penti ya Husseni inali yakale, yophikidwa ndi dzuwa ndi mafunde a zaka zambiri, ndipo petulo sasankha. Zoyera ndi zabuluu zinachokera limodzi, n'kusanduka phala lotuwa pa malaya. Pansi pake panatuluka thabwa.

Anayesa pandevu, pang'onopang'ono, ndi nsonga ya chala. Zinachitika chimodzimodzi.

"Siyani, alamu," anatero Rehema motsitsa mawu, atamugwira pamkono. "Pronto, basi, zachitika. Mumaliza ndi chotsalacho."

Chotsalacho chinali dzanja lamanja lokha, lotambalala, labuluu, lopanda mwini. Gideoni anakhala pansi pamchenga n'kulira monga sanalirire ngakhale pamaliro a Husseni, pamene anali wotanganidwa ndi kukumba manda. Samia, amene anali atafika mwakachetechete, anamva zonse kuchokera kwa mayi ake ali chiimire.

Lolemba boti linabwerera pamadzi, kumutu kwake kuli chigamba choyera ndi dzanja limodzi. Mwa okwera munali mayi wina wa ku Chiwanga, mlendo pa dokoli, amene ankapita kuchipatala cha ku Likoma ndi mwana kumsana. Pokwera anaima n'kuyang'anitsitsa chithunzicho.

"Bambo, ichi munajambula apachi n'chiyani? Nkhafi?"

Gideoni anatsegula pakamwa. Nkhani yonse inali pammero, koma inali yaitali, ndipo wodziwa kuikamba bwino sanali iye. Anthu anali akudikira, mwana wa mayiyo akutentha thupi.

"Inde, mayi," anatero. "Ndi nkhafi. Kwerani bwino, pakuterera."