Magalasi Anga pa Maliro a Eni

Masamba ndinawaona ndili patali, nthambi za nimu zoyalidwa modutsa msewu. Ndinatsika panjinga ndisanawafike, ndinavula kapusi n'kuipinda m'thumba, n'kuyamba kukankha njinga monga achitira aliyense wodutsa pamaliro kwathu kuno kwa Makhuwira. Ndine wakabaza ine, masamba otere ndawatsikira kosawerengeka. Chimene sindinavule ndi magalasi.

Ndipo sindikanavula. Sabata ya m'mbuyo mwake madokotala a ku Blantyre anali atandipala kanyama kamene kanamera m'diso lakumanzere, kochokera cha kumphuno n'kumakwawira pakati. Anasokapo kachigamba ndi ulusi woonda kuposa tsitsi. Mayi amene anandipalayo anati choyambitsa ndi dzuwa ndi fumbi la kuno kuchigwa, ndipo sanandinyengerere. Fumbi likalowa bala lisanapole, kapena dzuwa likamaliwomba, kanyamako kamameranso, ndipo kachiwiri kamabwera kolusa.

"Tilibe diso lina loti tingakupatseni, a Fanuel," anatero.

Magalasiwo ndinasankha ndekha. Sukulu sindinapite nayo patali, koma foni ndimadziwa kuifunsa. Ndinawerenga kuti a pamsika aja amangodetsa basi: diso limayesa kwada, limatseguka, ukali wa dzuwa n'kumalowa momasuka. Mlongo wanga Priska, amene amagwira ntchito ku Limbe, ananditengera kusitolo ya zamasewera. Ndinayesa ambiri mpaka wogulitsa anayamba kuusa moyo. Ena ankasiya mpata m'mbali woti fumbi n'kudutsa. Ena ankatsetsereka pamphuno ndikangowerama. Ndinatenga a anthu opalasa njinga pampikisano, galasi limodzi lokhota lokuta maso onse awiri mpaka m'mbali, okhala ndi timphira pamphuno toti thukuta lisawagwetse, opepuka moti umaiwala kuti wavala. Ndinatuluka nawo panja kukayang'ana denga la galimoto limene linkathobwa m'maso, kunyezimira konse kunazima. Mbuzi yanga yaikazi inathera pamenepo.

Vuto lawo linali limodzi. Kunja kwake n'kofiira ngati moto wa lupsa, ndipo munthu akakuyang'ana amangodziona yekha. Priska anati ndasankha a anthu odzimva. Ine ndinati diso silidziwa za kudzimva.

Tsiku limenelo ndinali pa ulendo wa kuchipatala cha ku boma kuti akaone ngati ulusi wagwira. Unali Okutobala, mphepo ikuwomba yotentha ngati yochokera mu uvuni wa njerwa. Pansi pa mtengo, m'mphepete mwa msewu, panakhala adzukulu, anyamata okumba manda, makasu ali pambali, mbale ya chipepeso ili pampando. Kuseri kwa nyumba amayi ankaimba motsitsa.

Ndinawerama pang'ono podutsa. "Pepani ndi zovutazi."

"Aise! Woyendetsa ndege!"

Amene anaitanayo anali wamtali, dothi mpaka m'maondo. Anzake ankamutchula Damiano. Anadzuka mosafulumira n'kuima kutsogolo kwa njinga, tayala lili pakati pa miyendo yake. Kachasu ndinamumva asanatsegulenso pakamwa.

"Ndege waisiya kuti, mjomba?"

"Ndikupita kuchipatala, achimwene. Ndatsika, chipewa ndavula."

"Nanga mawindowa?"

"Ndili ndi bala m'diso. Adokotala anandiletsa kuvula."

"Onse amatero," anatero wina ali pansi pa mtengo. "Bala lake ndi la chamba. Maso ali psuu, akubisa."

Anaseka. Ndinatsegula pakamwa kuti ndilongosole za ulusi, koma dzanja la Damiano linali litafika kale. Anawakwatula.

Kuwala kunandibaya ngati munthu wandilasa ndi singano yamoto. Njinga inagwa. Ndinaphimba diso ndi chikhatho, misozi ikuyenderera pakati pa zala. Chikhathocho chinali chitagwira chiwongolero cha fumbi njira yonse, ndinazikumbukira nditaphimba kale. Kuchotsa sindikanatha, kukanikiza ndinkaopa. Ndinangolipanga kamsasa.

"Ndibwezereni. Chonde, achimwene."

Damiano anawavala. Anatembenuka uku ndi uku, manja m'chiuno.

"Eee! Anyamata, muno muli Juni! Kukuzizira muno!" Anayang'ana kumwamba. "Dzuwa ndikuliona bwinobwino, lili ngati dzira lokazinga. Ndiye anthu mumadya bwino chonchi, ife tikupsa kumanda?"

"Tabwera nawo ndilaweko," anatero mnzake.

"Dikira, ndikutera kaye pa Chileka."

Pamenepo kunatulukira galimoto yoyera, yaitali, mawindo akuda bii. Inafika pamasamba n'kuchepetsa liwiro. Windo linatsika pang'ono. Mkati munali bambo wonenepa wovala magalasi akuda, kapusi ili pamutu. Sanazime n'komwe wailesi. Anatulutsa dzanja, mdzukulu wina anathamanga ndi mbale, ndipo onse, Damiano yemwe, anaomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo bwana! Muyende bwino bwana!"

Galimoto inaponda masamba n'kutisiyira fumbi. Ndinatembenuka kulipatsa msana.

"Awo bwanji?" ndinafunsa. "Awo simunawavule bwanji? Chipewa pamutu, magalasi kumaso, nyimbo ikulira!"

"Awo ali m'nyumba mwawo," anatero Damiano. "Galimoto ndi nyumba. Iwe uli pabwalo pathu."

"Ndiye mwambo ndi wa anthu apanjinga okha?"

"Ukagula yako udzatifunse."

Dzanja langa lamanja linali litapanga kale chibakera. Anthu a pasiteji yathu amandidziwa, sindichedwa. Ndinaona pamene ndikanamumenya, pansi pa chibwano, ndipo akanagwa. Koma magalasi anali pankhope pake, akanagwa nawo. Ndipo anzake anali ambiri. Chibakera chimodzi chokha, ngakhale chophonya, chongokhudza kumanzere kuno, ulusi uja ukanaduka. Ndinaona nkhope yanga m'magalasi anga omwe, kamunthu kakang'ono kofiira kogwira diso. Ndinamasula zala chimodzichimodzi.

"Mukufuna chiyani kuti mundibwezere?"

"Apo wayankhula ngati munthu." Damiano analoza makasu. "Manda sanathe. Pansi pauma ngati simenti. Tiye ukatsike, ukumbeko mpaka m'chiuno, mawindo ako utenga."

Kudzenje. M'dothi louma la Okutobala, khasu lililonse likudzutsa fumbi lobwerera kumaso, ine chowerama, diso lili pululu. Mayi uja anandiletsa ngakhale kusesa m'nyumba.

"Sindingathe. Ntchito ina iliyonse. Nditunga madzi, ndiwaza nkhuni mawa, ndinyamula anthu ulere."

"Wamva? Akuti dothi la malemu ndi lonyansa."

"Sindinatero!"

Mphepo inasintha. Cha kumunda wa thonje wouma kunadzuka kamvuluvulu, kakuzungulira ndi mapesi ndi mapepala, kakulunjika pamsewu. Adzukulu anangotembenuza nkhope akuseka. Ine ndinagwada pansi, ndinakokera malaya kumutu, ndinatsinzina mpaka mano kuluma. Mchenga unandiwaza pamsana. Katadutsa, ndinamva kanthu m'diso. Kokanda. Ndikaphethira, kakukanda. Kaya unali ulusi umene unkandikanda masiku onse, kaya mchenga walowa, sindinathe kusiyanitsa. Ndinayesa kukumbukira mmene linkamvekera m'mawa. Sindinakumbuke.

Ndinadzuka ndikukuwa. Zimene ndinanena sindizikumbukira zonse. Ndinati ndi akuba obisala kumaliro. Ndinati akundiphera diso chifukwa ndilibe galimoto. Ndinati aitane mwini maliro andiuze yekha ngati malemu anasiya mawu oti anthu azichititsidwa khungu pamsewu. Nyimbo ya amayi kuseri kuja inaduka pakati.

Chete amene anatsatira anandiopsa kuposa Damiano. Kukuwa pamaliro a eni, kumudzi kwa eni. Amuna anayamba kudzuka pamipando.

Patsogolo pawo pankabwera mkulu wina wamfupi, wa jekete lakuda lothothoka m'zigongono. Wina anandinong'oneza kuti ndi bambo Lorenso, mchimwene wa malemu. Anayenda mopendeketsa mutu, ngati nkhuku yoyang'ana kabawi.

"Ninji, mphale?" anafunsa m'Chisena kuti n'chiyani, kenaka anatembenukira ku Chichewa. "Mlongo wanga wagona m'nyumbamo. Iwe ukumudzutsa?"

Ndinagwada. "Pepani bambo. Ndalakwa kukuwa. Koma anditengera magalasi, ndipo ndili ndi bala."

"Amadutsa atavala, madala," anatero Damiano, magalasi akadali kumaso. Atazindikira, anawavula msanga n'kuwabisa kumbuyo.

"Chotsa dzanjalo ndione."

"Dzuwa, bambo."

Mkuluyo anavula jekete n'kulitambasula pamwamba pa mitu yathu iwiri. Mumthunzi umenewo, monunkha utsi ndi nsomba zouma, ndinachotsa chikhatho. Anayandikitsa nkhope, ndipo ndi pamene ndinaona chimene ankapendeketsera mutu. Diso lake lamanja linali litakutidwa lonse ndi nyama yotuwa ya timitsempha tofiira, kuchokera kumphuno mpaka kupitirira pakati. Lakumanzere nalo kanyama kanali katayamba.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Anachita kusoka?"

"Eya, bambo."

"M'diso? Ndi singano?"

"Eya."

"Unkaona akusoka?"

"Ndinkangoona kuwala. Sizinkapweteka."

"Ine anandiuza kuti ichi sachotsa. Amati ndi ng'ala ya asodzi, madzi a m'dambo akakuwalira zaka zambiri." Anandiyang'ananso m'diso. "Ndiye amachotsa."

Anatulutsa dzanja kunja kwa jekete osayang'ana n'komwe. "Damiano. Bweretsa."

"Koma madala, mwambo..."

"Nkhabe, ayi! Chipewa wavula, panjinga watsika. Ukufuna avulenso diso? Bweretsa kuno, ukamalize dzenje, dzuwa likupita."

Magalasi anabwera onyowa ndi thukuta la Damiano, chala chadothi chitadinda pakati. Ndinafuna kuwatsuka ndi madzi monga ndinawerengera, koma mkuluyo anali atawapukuta kale ndi mkono wa malaya ake, mwaulemu, mwamphamvu. Ndinamva mchenga ukulira pagalasi. Ndinawavala ndili mkati mwa jekete, dziko linazizira, koma chakumanzere kunali mzere woyera wopingasa.

Sanandilole kupita pomwepo. Anati pakamwa pamene pakuwa pakapepese. Ananditsogolera kusiwa, ndinagwada pakhomo pamaso pa amayi onse, magalasi ofiira ali kumaso, n'kupepesa. Ena anandiyang'ana moipidwa. Mtsikana wina anadziona m'galasi n'kukonza duku, mayi ake anamutsina. Nthawi yonseyo diso linkakanda, ndipo ine ndinkangoganiza za mtunda umene unatsala kukafika pa Thabwa, kenaka kuwoloka Shire.

Pondiperekeza kumsewu, bambo Lorenso anandigwira mkono. "Tikachotsa masambawa, udzabwere undiuze khomo limene unalowera ku Blantyre."

"Ndidzabwera, bambo."

"Takhuta," anathokoza m'Chisena.

Ndinapalasa ngati ndikuthawa njovu, ngakhale madokotala anandiletsa kudzikakamiza. Kuchipatala ndinapeza wa zamaso akutseka chitseko. Ndinamuchonderera mpaka anatsegulanso. Anandikhazika pakamakina kake, anandiunika, anangoti "mhm". Anatsuka disolo ndi madzi a m'botolo, ndipo pathonje panatsala timchenga takuda.

"Munavula?"

"Anandivula."

"Ndani?"

"Adzukulu."

Anati ulusi wina wamasuka koma chigamba chagwira, sichinasunthe. Bala latupa. Anandiwonjezera mankhwala odontheza.

"Ndiye kameranso?"

"Lero sindingakuuzeni. Kakafuna kumera kamayambira pakona, cha kumphuno. Muziyang'anapo. Mvula ikamayamba tidzakhala titadziwa."

Pobwerera ndinapeza masamba atachotsedwa, atatayidwa m'ngalande. Ndinatsikabe panjinga.

Kunyumba ndilibe kalilole wabwino. M'mawa uliwonse, ndisanatsegule chitseko, ndimatembenuza magalasi omwewo, ndimayatsa tochi ya foni, n'kukoka chikope. Mzere uja umadutsa ndendende pamene pamaonekera kona ya diso, ndiye ndimachita kuwapendeketsa. Lero pakonapo pali poyera. Pali kamtsempha kamodzi kofiira, koma ndikuganiza kuti kanalipo kale dzulo.