Botolo la Pansi pa Bedi

Nachikolopa anali atatsuka kale botolo la pansi pa bedi pamene namwino ankalowa m'wodi ndi pepala lake. Analitsuka ndi sopo wochokera kunyumba, n'kulipukuta, n'kulibwezera pamalo pake lili mbee. Dzina lakeli anamupatsa ndi anzake a kuntchito, pakuti pa zaka khumi ndi zinayi zimene anakolopa m'maofesi, panalibe bwana amene anapezapo fumbi ngakhale kuseri kwa kabati. Ndiye mwamuna wake agone pamwamba pa botolo la mkodzo, anthu odzaona odwala akudutsa? Zimenezo ayi.

Namwino anawerama, anatukula botolo lija, n'kulemba kanthu papepala nkhope ili gwa. Nachikolopa anangoti mwina mwana wa eniake watopa.

Mwamuna wakeyo, mlonda wa pafakitale ya matabwa, anali atagona pabedipo masiku asanu. Zinayamba ngati zocheza. Lata la pageti linamucheka pamwendo, iye n'kumangapo kansanza, n'kumameza mapiritsi opha ululu ngati maswiti. Chilonda chinatukusira, thupi linatentha, mapazi anatupa, kenako mkodzo unasiya kutuluka. Masiku atatu oyamba anamudikirira ndi mchemwali wake, chifukwa Nachikolopa anali asanapatsidwe tchuthi. Iye atafika tsiku lachinayi, mlamu wakeyo anamusiyira mabulangete, makapu ndi madandaulo a msana, n'kuthamangira basi.

Dokotala anabwera cha m'ma naini. Anali mayi wamfupi wa magalasi, wosakonda kuzungulira. Anawerenga pepala la namwino kawiri, n'kukokera mpando pafupi ndi bedi.

"Bambo, inu ndinu mlonda, ndiye mundimva msanga," anatero. "M'impso ndi m'magazi mwanu mulinso tialonda ting'onoting'ono. Tikangomva kuti mwalowa tizilombo, kapena kuti penapake paphwanyika, timaimba wenzulo, ndipo asilikali a m'thupi amathamangira komweko. Kwa inu wenzulo inalira mopitirira. Asilikali anadzazana m'impso, ndipo pothamangitsa wakuba anaswanso katundu wa abwana. Impso zinatupa, n'kusiya kusefa magazi."

"Alonda osaphunzitsidwa amenewo," anatero mlonda ndi mawu ofooka. "Ine ndikanayamba ndawalitsa tochi."

"Inuyo, amene munalola kachilonda kulowa pageti osakafunsa chiphaso?" anamuyankha mkazi wake.

Dokotala anamwetulira pang'ono, koma kumwetulirako sikunakhalitse.

"Tizilombo tayamba kugonja ndi mankhwala. Nthawi zambiri kutupa kukachepa impso zimadzukanso, ndipo timayamba kuonera mkodzo. Koma papepala pano, dzulo ndi lero, palibe ngakhale dontho. Magazi a dzulo sanaipirepo, zomwe zikundidabwitsa, komabe sindingadikire. Ambulansi inyamuka masana ano kupita kuchipatala chachikulu. Kumeneko akakuikani kapaipi pakhosi, makina azikasefa magazi m'malo mwa impso."

Mlonda anagwira pakhosi pake, n'kutembenukira kukhoma. Nachikolopa anali asanamuonepo mwamuna wake ali ndi mantha, ndipo zinamupweteka kwambiri. Koma panali china chimene chinkamukanda m'mutu.

"Pepani adokotala, pepalalo amalemba ataona chiyani?"

"Botolo lili pansili. Lili ndi mizere yoyezera. Namwino amawerenga asanataye."

Nachikolopa anayang'ana botolo lake lowala lija. Manyazi anamugwira, inde. Wodi yonse inali itatchera khutu, ndipo mayi wodikirira pabedi loyandikana anali atasiya dala kupinda nsalu zake. Koma kukhala chete kunali kumutumiza mwamuna wake kukabooledwa pakhosi chifukwa cha sopo. Anaimirira, n'kukonza mpango wake.

"Adokotala, mkodzo ulipo. Ndakhala ndikutaya ndine."

Namwino anatsitsa pepala. "Mayi, si tinawauza amayi ena aja kuti botololi lisakhudzidwe?"

"Alamu anga anandiuza za msana wawo basi."

Dokotala anatembenukira kwa wodwala. "Nanga inu bambo, osanena?"

"Palibe anandifunsa," anatero mlonda. "Komanso akazi angawa akagwira sopo, munthu sulankhula."

Wina anaseka chakumapeto kwa wodi. Dokotala sanaseke. Anavula magalasi n'kumuyang'ana Nachikolopa m'maso.

"Munataya kangati? Ndikufuna zoona zokhazokha, musawonjezere pofuna kundisangalatsa."

"Kanayi. Dzulo m'mawa unali usanafike pa mzere woyamba, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Masana unafika pa mzere wachiwiri. Madzulo chimodzimodzi, koma utayerako. Lero m'mawa unadutsa mzere wachinayi, ndipo unali wa mtundu wake wa masiku onse."

"Mukutsimikiza?"

"Adokotala, ine sinditsuka chinthu ndisanachiyang'ane."

Dokotala analemba manambala aja m'mphepete mwa pepala, n'kuwaphatikiza.

"Ngati zili choncho, impso zayamba kudzuka. Koma ndikufuna kuona ndi maso anga. Titenganso magazi pompano. Ambulansi ndiiuza idikire mpaka folo koloko. Botolo likakhala lopanda kanthu nthawi imeneyo, mukupita." Anamuloza Nachikolopa ndi cholembera. "Ndipo inu mayi, manja anuwo muwakhalire."

Anawakhaliradi. Kuyambira m'mawawo mpaka dzuwa kupendeka, anakhala pampando manja ali pansi pa ntchafu, akuyang'anira chinthu chimene moyo wake wonse sanachilolepo kukhala m'chipinda mphindi zisanu. Mlonda anapempha botolo chisanafike chakudya cha masana, n'kupemphanso cha m'ma thuu. Ntchentche ina inatera pakamwa pa botolo, Nachikolopa anangoiingitsa ndi phazi. Alendo a bedi loyandikana anabwera, anayang'ana pansi, anayang'anana. Iye anawapatsa moni mwaulemu, osasuntha.

Itatsala pang'ono kukwana folo, mtsikana wokolopa m'wodimo anafika ndi ndowa yake. Ataona botolo lija anawerama kuti alichotse.

"Achemwali, musakhudze," anatero Nachikolopa. "Ntchito yanu ndikuidziwa bwino, ndipo mukuigwira bwino. Koma ilo lisiyeni."

Dokotala anafika atanyamula zotsatira za magazi. Anatukula yekha botolo, analiyang'anitsa chakuwindo, n'kuwerenga mizere ndi chala: isanu ndi umodzi. Anauza namwino kuti akamasule dalaivala wa ambulansi.

"Zoipa za m'magazi zayamba kutsika, bambo. Simunachire, tikusungani masiku angapo, ndipo mapiritsi aja musadzawamezenso mwachisawawa. Koma pakhosi panu sitikhudzapo."

Mlonda anatseka maso, n'kupuma mpweya wautali. Namwino analemba nambala papepala, kenako anamupatsira Nachikolopa botolo lija ndi manja awiri.

"Tsopano mukhoza kutsuka, mayi."

Nachikolopa analilandira, koma sanathamange nalo. Anayenda nalo pang'onopang'ono pakati pa mabedi, atalikweza m'mwamba, kuti aliyense amene anaseka m'mawa uja aone pamene mkodzo wafika.