Makaroti a Pepo a Liesbeth

Sjaak anapita kwa Liesbeth atavala jekete la kumaliro, poti labwino linali lomwelo. Mphete ya chitomero inali m'thumba. Zaka zitatu awiriwa akhala akulima timinda toyandikana kunja kwa mzinda wa Leiden, onse ofedwa, ndipo lero mayiyu anamuitana kunyumba koyamba kuti adzadye hutspot.

Hutspot ndi mbatatesi, anyezi ndi makaroti zophwanyira pamodzi, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti amaoneka wa olenji. Koma Liesbeth ankalima makaroti amakedzana: oyera, achikasu ndi a pepo. Ali aawisi ankakongola, ndipo Sjaak ankawatamanda kwambiri. Zomwe a pepowo amachita mumphika sankazidziwa.

Liesbeth anavundukula mphika. Chakudyacho chinali chotuwa mobiriwira ngati matope a m'ngalande, anyezi atasanduka timizere takuda. Liesbeth anamupakulira mulu, n'kuboola kadzenje pakati, n'kuthiramo msuzi. Msuziwo nawo unayamba kuda.

"Idyani, a Sjaak. Onsewa ndi a m'munda mwanga."

Munthu wofuna banja amameza zambiri. Sjaak anatseka mpweya n'kumeza. Zinkakoma ngati dothi lothira shuga. Supuni yachinayi inafuna kubwerera, koma anaitsitsa ndi madzi, misozi ili lengelenge. Anamaliza mbale yonse, mpaka kupala.

"Bwanji?" anafunsa Liesbeth.

Kuno ku Leiden munthu akakufunsa, umayankha zoona. Sjaak yemweyu anauzapo m'busa pakhomo pa tchalitchi kuti ulaliki wake unali wogonetsa tulo. Koma lero mphete ija inamulanda nzeru.

"Zokoma zedi! Sindinadyepo hutspot wotere."

Liesbeth anaika pansi foloko. Apa m'pamene Sjaak anaona kuti mbale ya mayiyu inali yosakhudzidwa.

"Zokoma? Bambo inu, izi ngakhale nkhumba ingazinunkhize n'kuchoka! Ndalakwitsa kuphika a pepo pamodzi ndi enawo. Ndimadikira kuti munene, tiseke, tipite tikagule tchipisi."

"Ine ndimangofuna kuti..."

"Malemu amuna anga anayamikira chakudya changa zaka makumi atatu. Atamwalira ndinamva kwa mlongo wawo kuti ankayamba adya kwa iye asanabwere kuno." Anatenga mbale ya Sjaak n'kuiyang'ana monyansidwa. "Mpaka kupala. Wabodza mmodzi anandikwana."

Anamutsegulira chitseko mwaulemu. Lolemba lake Sjaak anapeza Liesbeth atabzala mpanda wa mitengo pakati pa minda yawo.